ZA NYUMBA YA MUNTHU WOITANIDWA MSANGA KU NKHONDO: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Mafumu ndi Ziwalo kwa Msakambewa

Mfumu Msakambewa mwini dziko lino, mafumu onse a m'midzi pamodzi ndi nyakwawa zanu, a pa Mpando, a Mlembi, ndi inu nonse ziwalo za Bungwe lathu amene mwatsika ku mapiri a Dowa ndi a Nchisi: tipempha kuti mutilole tinene mau athu kufikira atatha, pambuyo pace mutidzudzule pamene talakwa.

Nkhani imene Bungwe latituma kuti tiiyale pamaso panu ndi iyi: kodi nyumba ikhala bwanji, ndipo aisunga ndani, pamene mwini wace aitanidwa modzidzimutsa ku nchito ya usilikari? Kapena ena adzati iyi ndi nkhani ya Boma ndi akuru a nkhondo, yosayenera bwalo la mfumu. Ife titi iai. Boma litenga munthu mmodzi, limpatsa zobvala, cakudya ndi mfuti. Koma mkazi, ana, munda ndi nkhokwe zitsala m'mudzi, ndipo mudzi uli m'manja mwanu, mafumu.

1. KUITANA SIKUYANG'ANA NYENGO

Tonse tidziwa za amuna amene apita ku nchito kutali, monga makolo athu anapita ku Halale ndi ku Joni. Munthu wotere asankha yekha tsiku lace. Ayamba wakolola, nafolera nyumba, natsazika ankhoswe, ndipo atero anyamuka. Koma msilikari sali wotero. Lamulo limpeza pamene ali, kapena ali pa chuthi ndi khasu m'manja, ndipo masiku amene apatsidwa ndi owerengeka. Sanena tsiku lobwera pakuti iye mwini salidziwa, ndipo kawirikawiri saloledwa kunena ngakhale kumene alinkupita. Lamulo likafika mu November, mizere yatsala theka ndipo fodya ali pa nazale, mvula siidzalinda kuti nkhondo ithe.

Cifukwa cace tinena kuti lipenga liitana mmodzi, koma oyankha ndi awiri. Wina asenza mfuti, wina asenza nyumba. Woyambayo ali ndi akuru omlamulira, anzace a pa mzere, ndi dotolo womuona akadwala. Waciwiriyo ali ndi yani? Funso lathu lonse ndi limeneli.

2. ZIMENE MAKOLO ANAONA PA NKHONDO YA CIWAYA

Dziko lino lalawa kale cinthu cimeneci. Mu 1914 nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani inafika pa nyanja yathu, ndipo pa 9 September caka comweco anamenyana ku Karonga. Makolo anaipatsa dzina lakuti Nkhondo ya Ciwaya, cifukwa ca mfuti ija yolira kosalekeza. Olemba mbiri awerenga kuti amuna a Nyasaland ngati 19,000 analembedwa usilikari wa Keyala, ndipo ena oyandikira 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, osenza pamutu katundu wa mapaundi 50 kapena kuposa, kutsata asilikari m'dziko la Ajeremani ndi la Apwitikizi. Anthu onse a dziko lino masiku amenewo anangopitirira pang'ono 1,000,000. Potero midzi yosataya mwamuna inali yocepa.

Amtengatenga ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Mafumu analamulidwa kupereka ciwerengero ca amuna. Amesenjala anafika usiku. Amuna ena anathawira ku mapiri ndi ku thengo, ndipo m'malo ena akazi anagwidwa kufikira amuna ao ataonekera. Cimanga ndi ng'ombe zinatengedwanso kukadyetsa nkhondo. Tsono mkazi anatsala ndi khasu limodzi pamene panali makasu awiri, ndi nkhokwe yotapidwa kale. Mu November 1914 John Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times, nadandaula kuti osauka a dziko lino alikukafera mlandu wosakhala wao, ndi kuti otsala adzakhala akazi amasiye ndi ana amasiye osowa owathandiza. Mau amenewo anakwaniridwa. Nkhondo inatha mu November 1918, pamene von Lettow-Vorbeck anagonja ku Abercorn, kumene lero ati Mbala. Koma pa nyengo yomweyo nthenda ya fuluwenza inalowa m'midzi, nipha ambiri mwa obwera ndi mwa otsala.

Cowawa coposa cinali ca iwo amene sanabwere ndipo sanamveke. Wamtengatenga wofera m'njira ndi kamwazi kapena njala anaikidwa pomwepo, wopanda dzina pa manda. Mkazi wace sanadziwe ngati ali wamasiye kapena wokwatiwa. Sanamete, sanasudzulidwe, ndipo sakanatha kukwatiwanso wopanda mlandu. Mu 2021 bungwe losunga manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000 amene anafa pa nkhondo imeneyo, ocuruka a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao monga anacitira Azungu. Ngati maina a amuna anataika cotero, nanga maina a akazi amene anawalinda analembedwa kuti?

3. NKHONDO YACIWIRI

Mu 1939 lipenga linaliranso, ndipo amuna a dziko lino oposa 20,000 anabvala zobvala za Keyala. Anamenyana ndi Ataliana ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, ndi ku Abyssinia mu 1941. Anaoloka nyanja ya mcere kunka ku Madagascar mu 1942. Ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'cigwa ca Kabaw, kumenyana ndi Ajapani m'matope a mvula yosakata. Ambiri anakhala zaka zitatu kapena zinai osaona kwao, ndipo ena anafika m'mudzi mu 1946, napeza mwana amene anamsiya pamsana alikubusa mbuzi, wosadziwa atate wace.

Nkhondo imeneyi inasiyana ndi yoyamba pa zinthu ziwiri. Coyamba, panali makalata. Sukulu za m'midzi zinali zitacuruka, pakuti kuno kwathu Misyoni ya Kongwe inakhazikika mu 1894, ndipo mkazi wosadziwa kuwerenga anapita kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu kuti amwerengere. Caciwiri, panali ndalama, gawo la malipiro a msilikari lotumizidwa kwao kudzera ku Boma. Zonse ziwiri zinali zabwino, koma zonse ziwiri zinabala milandu. Kalata yowerengedwa ndi munthu wina iribe cinsinsi, ndipo kalata yonyamula miseche ifika msanga monga yonyamula moni. Ndalama nazo zinautsa funso limene mwambo sunalikonzere: kodi nza mkazi, kapena nza amai ndi alongo a mwamuna? Mafumu anali atapatsidwa mabwalo ao a milandu ndi malamulo a 1933, ndipo milandu ya maukwati a anthu ocoka inagwera pa mabwalo amenewo.

Obwera ku nkhondo anatisiyira cinthu cimene ticikonda kufikira lero. Mganda umene anyamata athu abvina, ndi mizere yace, ndi malipenga ace a zikho, ndi zobvala zoyera, unacokera ku perete wa asilikari. Mayendedwe a amuna tawasunga m'gule. Za akazi amene analima okha zaka zinai sitinasunge kanthu.

4. MASIKU ATHU ANO

Wina asati izi nzakale. Lero palibe mesenjala wogwira amuna usiku, ndipo ana athu alowa usilikari mwa kufuna kwao, ana akazi pamodzi ndi ana amuna. Koma akalowa, kuitana kuli komwe kuja. M'boma lathu lino la Dowa, ku Mvera, kuli kampu ya asilikari, ndipo ana a midzi yathu ali m'makampu a ku Lilongwe, ku Zomba, ndi ku Mzuzu kumene kampu isunga dzina la Moyale. Kuyambira 1987 asilikari a Malawi analonda njanje ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique. Mu 2013 anapita ku Congo pamodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa pansi pa United Nations, ndipo mu November 2018 asanu ndi mmodzi a iwo anaphedwa kufupi ndi Beni. Mu January 2025 enanso atatu, otumidwa ndi bungwe la SADC, anafa pa nkhondo ya kufupi ndi Goma. Ndipo kuitana sikuli kwa nkhondo yokha: mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, asilikari anaitanidwa msanga kukafukula anthu m'matope ndi kuolotsa otsekeredwa ndi madzi.

Pa maulendo onsewa panali nyumba zotsala. Zina ziri m'makampu, zina ziri m'midzi yathu ino. Ndipo ngakhale mkazi wokhala ku kampu, zinthu zikabvuta, kothawira kwace nkumudzi.

5. ZIMENE ZICITIKA M'NYUMBA YOTSALA

Tiyeni tilowe m'nyumba imodzi, tione zobvuta zace cimodzi cimodzi.

Coyamba ndi munda. Kupalira ndi kubandira ziri ndi masiku ao, ndipo munda wocedwa ubala pang'ono. Mkazi wa mwana wa m'manja, wotunga madzi, wotola nkhuni, wopita ku cigayo ndi ku cipatala, sangathe kutsiriza yekha munda umene unayesedwa pa makasu awiri. Akalemba aganyu, ndalama ya feteleza yatha. Fodya ndiye aposa, pakuti kuokera, kuthyola, kusoka ndi kumanga cigafa zifuna manja ambiri. Mwamuna angabwere wamoyo mu June, koma njala ya February wotsatira inabzalidwa tsiku lija anacoka.

Caciwiri ndi ndalama. Lero malipiro alowa ku banki ndipo ayenda pa lamya ya m'manja, koma funso la masiku a Keyala likali pomwepo. Mwamuna akacoka mofulumira, nasiya khadi la ku banki kwa mbale wace osauza mkazi, kapena kwa mkazi osauza amai ace amene anazolowera kulandira kanthu mwezi ndi mwezi, wasiya moto pa udzu. Mkazi ayamba kupempha cimene ciri cace, kapena apongozi ayamba kunena kuti mkazi alikudya yekha thukuta la mwana wao.

Cacitatu ndi ca mwambo wathu. M'dziko lino Acewa ndi Angoni takhala pamodzi, ndipo maukwati athu ali a mitundu iwiri. Pa cikamwini mkazi atsala pakati pa abale ace, ndipo atsibweni a ana ali pafupi. Iye sasowa womgwira dzanja, koma mwamuna wocokayo ndiye asowa womnenera, ndipo akacedwa kubwera amveka mau akuti mkamwini wathawa nchito. Pa citengwa mkazi atsala mlendo pakati pa abale a mwamuna, ndipo amene anamcinjiriza ndiye wacoka. Akabvala bwino, ati wabvalira yani. Akapita ku msika wa Mponela, ati wakakomana ndi yani. Akapita kukaona amai ace, ati wathawa ukwati. Potero mwambo uli wonse uli ndi munthu wace wotsala pa mbalambanda, ndipo ankhoswe ayenera kudziwa kuti ndi uti.

Cacinai ndi mbiri. Kale zobvuta zinali kusamva kanthu; lero zobvuta ndi kumva zambiri. Wailesi ikanena kuti asilikari a Malawi afa ku Congo, osanena maina pakuti abale sanauzidwe, nyumba iri yonse ya msilikari igona maso. Pomwepo pa lamya payenda zithunzi ndi maina osatsimikizika, ndipo mkazi angamve za imfa ya mwamuna wace pa mjigo, kwa mwana wosadziwa cimene anena, pamene mwamunayo ali moyo. Ana nao amva zonse, angakhale akuru ayesa kuti samva, ndipo mphunzitsi aona mwana wocenjera alikubwerera m'mbuyo osadziwa cifukwa.

Tinene ndi za mwamuna wotsala, pakuti tsopano alipo amene akazi ao ndiwo asilikari. Iye aphika, asambitsa ana, ndipo anzace amseka pa bawo kuti wakwatiwa. Kuseka kumeneko kwapasula maukwati amene nkhondo siinawapasule. Munthu wosunga ana ace ayenera ulemu.

6. POBWERA, NDI POSABWERA

Ambiri ayesa kuti mabvuto atha tsiku limene msilikari atsika galimoto. Koma obwera ku Burma anaphunzitsa makolo athu kuti si cotero. Mkazi amene wagwira nyumba yekha caka cathunthu waphunzira kugula, kugulitsa ndi kulamula, ndipo mwamuna akafika ndi kupasula zonse tsiku limodzi, amnyoza pa nchito imene anayenera kumyamika. Ndiponso ena abwera ndi bala losaoneka: adzidzimuka usiku, akwiya pa kanthu kacabe, akhala cete masiku ambiri, kapena athawira ku kacasu. Ici si ufiti, ndipo si cipongwe ca mkazi. Ndi nthenda imene madotolo aidziwa, yogwira anthu amene anaona zoopsa, ndipo iri ndi cithandizo cace ku cipatala. Koma nthendayo siipatsa munthu ufulu wa kumenya mkazi kapena ana, ndipo mudzi usakhale cete pomva kulira m'nyumba yotere.

Za iye wosabwera tinena mwacidule, pakuti nzowawa. Maliro a msilikari afika ndi ulemu waukuru, ndi mbendera ndi kulira kwa mfuti. Koma magalimoto akabwerera, mkazi atsala ndi abale a mwamuna, ndipo pamenepo ena ayamba kuwerenga malata, njinga ndi ndalama za imfa. Mafumu adziwe kuti lamulo la cuma ca masiye la 2011 liika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo liyesa kulanda cuma ca masiye mlandu wolangidwa nao. Lamulo la maukwati la 2015 libvomereza ukwati wa mwambo monga ukwati weniweni. Malamulo alipo, cosowa ndi munthu woimirira pa tsiku la kusesa ndi kuwanena.

7. ZIMENE TIPEMPHA MSONKHANO KUTI UPANGANE

Madzi akataika saoleka. Cifukwa cace mtima wa mau athu ndi uwu: milandu ya nyumba ya msilikari ikonzedwe iye asanaitanidwe, pakuti tsiku loitanidwa liribe nthawi ya bwalo. Tipempha zinthu izi.

Coyamba, kuti mfumu ya mudzi uli wonse idziwe ana ace amene ali ku usilikari, ndi kumene akazi, amuna ndi ana ao akhala, kuti pomveka za kuitanidwa asayambe kufunsa pamenepo.

Caciwiri, kuti msilikari ali yense wokwatira, pa chuthi cace coyamba, akhale pansi ndi mkazi wace ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nanene poyera amene adzagwira ndalama, gawo la makolo ngati liripo, ndi amene adzayang'anira munda. Ndipo mau amenewo alembedwe, pepala lina kwa mkazi, lina kwa ankhoswe.

Cacitatu, kuti ukwati ukhale ndi kalata yace, ndi kuti dzina la mkazi ndi la ana lilembedwe kwa akuru a usilikari monga oyenera kuuzidwa ndi kulandira; ndiponso kuti msilikari alembe kalata ya cuma ca masiye pamaso pa mboni ziwiri. Kulemba kalata yotere sikuitana imfa, monganso kumanga nkhokwe sikuitana njala.

Cacinai, kuti tiutse mwambo wa dima cifukwa ca nyumba zimenezi: tsiku limodzi pa kupalira ndi tsiku limodzi pa kukolola, mudzi ulowe m'munda wa wocokayo, osayembekeza mowa kapena malipiro, ndipo denga lace likadontha, anyamata alifolere mvula isanakule. Mutu umodzi susenza denga.

Cacisanu, kuti mbiri ya imfa kapena ya kubvulala isanenedwe ndi munthu ali yense kufikira itafika kwa akuru a usilikari, ndi kwa mfumu, ndi kwa ankhoswe, monga mwambo wa maliro ulamula. Ndipo wofalitsa mbiri yonama pa lamya aitanidwe ku bwalo monga wofalitsa ndi pakamwa.

Cacisanu ndi cimodzi, kuti mlandu wa cigololo kapena wa kutha kwa ukwati usaweruzidwe pa miseche, mwini wace ali kutali, ndipo mkazi wa citengwa asacotsedwe pa nyumba kapena pa munda kufikira mwamuna atabwera ndi kunena yekha.

Cacisanu ndi ciwiri, kuti pa maliro a msilikari mfumu inene pamaso pa onse zimene lamulo linena za cuma ca masiye, anthu asanabalalike.

Mafumu athu, pa zinthu zisanu ndi ziwiri izi palibe cimodzi cofuna ndalama ya Boma kapena cilolezo ca ku Lilongwe. Zonse ziri m'mphamvu ya anthu okhala pa bwalo lino. Caka ndi caka mu November akuru a dziko aika nkhata za maluwa pa nsanja ya Keyala ku Zomba ndi pa nsanja ya ku Lilongwe, kukumbukira amene anapita; ndipo nkoyenera kutero. Koma mwezi womwewo ndiwo mwezi wa kubzala, ndipo gawo lathu ife a kumudzi ndilo kuona kuti munda wa wopitayo wabzalidwa pamodzi ndi yathu. Msilikari wodziwa kuti ana ace alikudya ndi kuti mkazi wace sanyozedwa agwira nchito yace ndi mtima umodzi, ndipo pobwera apeza nyumba, osati bwinja.

Ife tanena monga tinatumidwa, kuweruza nkwanu. Tipempha a Mlembi kuti mau awa atumizidwe kwa mafumu ndi ziwalo zimene sizinathe kufika, kuti awawerenge pa mabwalo ao, akazi ali pomwepo, ndi kubwera nao mayankho pa msonkhano ulinkudza. 

Ife atumiki anu,
Ziwalo zotumidwa ndi Bungwe.